17,563,749

Nambala iyi ndinaiona koyamba pafoni, ndili pa benchi kumsika wa Domasi kudikira minibasi ya ku Zomba. Ndi chiwerengero cha anthu onse a m'Malawi pa kalembera wa mu Seputembala 2018, monga a National Statistical Office analengezera. Ena pa Facebook ankakangana zoti tachuluka. Ine, poti masamu ndi matenda anga, ndinayamba kuigawa.

Choyamba, ndi odd number. Mutati Amalawi onse aime awiriawiri, munthu m'modzi atsala yekha. Si prime ayi. Mukaphatikiza manambala ake, 1+7+5+6+3+7+4+9, mupeza 42, ndiye kuti imagawika ndi 3 koma osati ndi 9. Kugawa ndi 3 kumapereka 5,854,583. Iyonso imalowa 7 popanda chotsala, n'kutsala 836,369. Ndinasangalala ngati ndatola ndalama: dziko lonse likhoza kukhala m'magulu a anthu 21, palibe wotsala panja. Pa 836,369 paja ndinayesa 11, yakana. Ndinayesa 13, yatsala 1. Imeneyo inandipweteka pang'ono, sindinama.

Koma chomwe chandikhalitsa ndi nambalayi zaka zonsezi si 7 kapena 13.

Tsiku lomwe mnyamata wa kalembera anafika pakhomo pathu ndi tabuleti yake, achimwene anali atatha miyezi inayi ku Joni. Anafunsa amene anagona m'nyumba. Amayi anatchula ine, mchemwali wanga, agogo, iwo eni, kenako achimwene.

"Amenewa agona muno, mayi?"

"Mphasa yawo ili momo."

Mnyamata uja anaseka mwaulemu, nafotokoza kuti munthu yemwe akukhala kunja salowa m'chiwerengero cha pakhomo. Sanalakwitse. Amayi anangoti, "Chabwino, bambo," n'kupita kukasonkhezera moto womwe unkayaka kale bwinobwino.

Usiku wina magetsi atazima ndinawonjezera 1 uja ndekha pakope. 17,563,750. Taonani mmene imasinthira! Yasanduka even, imagawika ndi 2, ndi 5, ndi 10, mpaka 1,250 imalowa ka 14,051 ndendende. Koma 3 ndi 7 zija zathawa. Munthu m'modzi yekha, wogulitsa mushopu ya eni ake ku Johannesburg, akanasintha mtundu wonse wa nambalayi.

Ndikudziwa, si achimwene okha anali kunja, ndipo tsiku lomwelo ana anabadwa, ena anamwalira. Masamu anga ndi achibwana. Agogo anamwalira chaka chotsatira koma akadali mkati mwa 17,563,749, pomwe achimwene, amene amatumiza ya feteleza chaka chilichonse, mulibe.

Ndinawatumizira zonsezi pa WhatsApp. Anayankha patapita masiku awiri: "Iwe mphwanga, ukadali ndi misala yako ija? Uwauze amayi mphasayo asapatse munthu."