Dzuwa lingatsuke madzi, koma tisalipatse ntchito yonse



Kuno ku Phalombe khasu layamba kupuma. Ganyu wopalira ndi wodula, ndiye alimi ambiri akugula mankhwala ophera udzu monga Roundup ndi ena okhala ndi atrazine. Sindikuwadzudzula ayi. Chondidetsa nkhawa n'choti ena akamaliza kupopera amakatsuka sipuleya kumtsinje, ndipo mvula ikagwa, zotsalira m'munda zimakokolokera komweko. Mitsinje ya Phalombe ndi Sombani imathira m'nyanja ya Chilwa, yomwe ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Matemba amene timadyera nsima amachokera kumeneko.

Kuwiritsa madzi kapena kuthiramo klorini kumapha majeremusi, koma atrazine amatsala. Mayiko a European Union anamuletsa mu 2004 chifukwa ankapezeka m'madzi a pansi pa nthaka.

Nanga tingamuchotse bwanji? Amene munkamvetsera phunziro la catalyst, nayi ntchito yake. Mu 1972, Akira Fujishima ndi Kenichi Honda a ku Japan anaonetsa kuti titanium dioxide, ufa woyera uja umene umayeretsa penti, akawombedwa ndi kuwala kwa ultraviolet amathandiza kuphwanya madzi. Kuwalako kumasuntha ma electron pa ufawo, ndipo pamabadwa tizidutswa tolusa totchedwa hydroxyl radicals, timene timaphwanyanso mankhwala a udzu. Ufawo sutha, umagwira ntchito mobwerezabwereza. Njirayi ndiyo photocatalysis, ndipo ku Almería, m'dziko la Spain, akhala akuiyesa ndi dzuwa lenileni.

Dzuwa tili nalo lambiri. Koma ultraviolet ndi pafupifupi magawo 5 okha pa 100 a kuwala kwake, ndipo madzi amatope ngati athu a m'dzinja amamutchinga. Ufawo umafunikanso kusefedwa munthu asanamwe. Njirayi ingathandize pa thanki, osati pa nyanja yonse ya Chilwa.

Choncho aphunzitsi anzanga, tikamaphunzitsa catalyst tizitchula mtsinje wathu womwewu, kenako tiziwatuma ana kunyumba ndi uthenga wosafuna ndalama: botolo la mankhwala litsukuluzidwe katatu, madziwo athiridwe mu sipuleya n'kupoperedwa m'munda, kutali ndi chitsime. Botololo libooledwe, lisasanduke chosungira mchere kapena mafuta ophikira.

Inu amene muli ku yunivesite, amene angayeze madzi a Sombani ndi inu. Tikukudikirani.