Marx anafika pakhomo pa mzikiti ku Niassa

Ife ophunzira mbiri kuno ku Area 4 timamva dzina la Karl Marx ngati la munthu wakutali, wa m'mabuku a ku Ulaya. Koma ambiri mwa ife agogo athu ndi a ku Mangochi ndi ku Machinga, ndipo kungodumpha malire tili ndi abale Achiyao a ku Niassa, ku Mozambique. Kumeneko chiphunzitso cha Marx chinafika mpaka pakhomo pa mzikiti.

FRELIMO itayamba kumenyana ndi Apwitikizi pa 25 September 1964, moto unayaka ku Cabo Delgado ndi ku Niassa, madera okhala Asilamu ambiri. Atsamunda anali atapereka maphunziro a anthu akuda m'manja mwa mishoni za Katolika, choncho kholo lachisilamu linkaopa kuti mwana akalowa m'kalasi atuluka ndi dzina lina. Thangata ya thonje sinkafunsa chipembedzo cha munthu. Mafumu ndi mashehe ena anathandiza omenyera ufulu, ndipo apolisi achinsinsi a PIDE anamanga ambiri mwa iwo.

Sitikhulupirira kuti akuluakuluwo anawerengapo Das Kapital. Chimene chinawagwirizanitsa ndi anyamata a mfuti chinali chooneka ndi maso: munthu asalimire mnzake mokakamizidwa. Ndipo amene anaphunzira za zakaat ku madrasa sadabwa akamva kuti wosauka ali ndi gawo lake m'chuma cha wolemera.

Ufulu utabwera pa 25 June 1975, kusiyana kunaonekera. Boma la Samora Machel linatenga sukulu zonse, mafumu anachotsedwa mphamvu, ndipo mu February 1977 chipanicho chinalengeza kuti chikutsata Marx ndi Lenin. Chipembedzo, cha Akhristu ndi cha Asilamu chomwe, chinayamba kutengedwa ngati mdima wobweza anthu m'mbuyo. Apa mpamene pamatiwawa: shehe amene analowa m'ndende ya Apwitikizi chifukwa cha ufulu anapezeka kuti m'dziko laufululo akuphunzitsa ana Qur'an mwamantha. Zinthu zinayamba kufewa Machel atakumana ndi atsogoleri a zipembedzo mu 1982, ndipo mu 1989 FRELIMO inasiya dzina la Marx ndi Lenin.

Kuno kwathu Kamuzu ankadana ndi chikomyunizimu ndiponso ankagwirizana ndi Apwitikizi, choncho nkhani za FRELIMO sizinali zokamba mokweza. Amene anaziona ndi maso akadalipo ena m'midzi ya m'malire, koma akalamba kwambiri.