Athamanga Inde, Koma Tione Kaye Malikisi

Kochi wa ku koleji akabwera pasukulu pathu sayamba n'kupita kubwalo. Amalowa mu ofesi mwanga, timapatsana moni, amakhala pansi, kenako amatambasula dzanja. Chimene akufuna ndimachidziwa kale: chikalata cha malikisi a mnyamata kuyambira giredi 9. Akachiyang'ana n'kupukusa mutu, nkhani yathera pomwepo, ngakhale mwanayo atakhala kuti palibe womupeza pa liwiro m'dera lonse. Chikamusangalatsa, m'pamene amafunsa za kanema.

Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale pasukulu ya sekondale ya boma ku Texas, ndipo masana ndimakhala kochi wa mpira. Kuno ziwirizi zimayendera limodzi, chifukwa bungwe la UIL, lomwe limayang'anira masewera a m'masukulu aboma, limafuna kuti kochi akhale munthu wolembedwa ntchito pasukulupo. Mpira wake ndi wa ku America, uja wosongoka uku ndi uku, wosewera anthu atavala zisoti ndi zotchinjiriza mapewa. Akafuna kutichotsa ntchito amawerenga zigoli za Lachisanu usiku. Koma ntchito yopezera mnyamata malo ku koleji imachitikira pa desiki, ndipo imayamba mwanayo ali ndi zaka 14, ndevu zisanamere.

Bungwe la NCAA, lomwe limayendetsa masewera m'makoleji ambiri, silimawerengera phunziro lililonse limene mwana wakhoza. Limafuna maphunziro 16 oikika, ndipo kwa ofuna makoleji apamwamba ndi awa: zaka zinayi za Chingelezi, zitatu za masamu kuyambira Algebra I kupita m'tsogolo, ziwiri za sayansi, ziwiri za maphunziro a chikhalidwe cha anthu, ndi ena owonjezera. Pa maphunziro okhawo amatenga A ngati mapointi 4, B ngati 3, C ngati 2, n'kupeza avereji. Wofuna kusewera mu Division I, gulu lapamwamba, asatsike pa 2.3. Wa Division II asatsike pa 2.2. Pali msampha wina umene umakola ana ambiri a Division I: maphunziro 10 mwa 16 aja ayenera kukhala atatha mwana asanalowe chaka chomaliza, ndipo 7 mwa 10 amenewo akhale a Chingelezi, masamu kapena sayansi. Akangolowa giredi 12, malikisi amenewo atsekeredwa. Sangabwereze phunziro kuti akweze.

Ku Texas kuno tili ndi lamulo lathu la 1984, lomwe Ross Perot analilimbikitsa kwambiri, loti wolephera m'kalasi asasewere. Malikisi okhozera ndi 70. Lamulo labwino, koma limagoneka anthu tulo. Mnyamata amene amapeza 70 kapena 72 m'phunziro lililonse amasewera Lachisanu lililonse kwa zaka zinayi, makolo ake osadandaula, aphunzitsi osadandaula. Komatu 70 ndi C basi, m'masukulu ena ndi D. Ma C okhaokha amapereka 2.0. Mwana uja wakhoza sukulu, walandira satifiketi, koma NCAA yamutsekera khomo. N'chifukwa chake ana a giredi 9 ndimawasonkhanitsa sabata yoyamba, asanalandire n'komwe zisoti, n'kuwalembera masamu amenewa pa bolodi. Ambiri samva. Ali ndi zaka 14, koleji kwa iwo ndi dziko lakutali. Ndiye ndimapita kwa mayi mlangizi wa sukulu, amene ali ndi ana mazanamazana oti awayang'anire, tikakhala limodzi n'kuona ndandanda ya mwana aliyense. Sukulu iliyonse ili ndi mndandanda wake wa maphunziro amene NCAA inavomereza, ndipo phunziro likakhala kuti silili pamenepo, ndiye kuti kulibe. Maphunziro ena obwereza pa kompyuta, amene mwana amamaliza m'masabata ochepa kuti afufute F, sukulu imawalandira koma NCAA ikhoza kuwakana. Mayeso a SAT ndi ACT anawachotsa pa zofunika za NCAA mu 2023, ngakhale makoleji ena amawafunabe pa okha. Zimenezi zachititsa kuti chikalata cha malikisi chilemere kuposa kale.

Za kanema sizivuta kwambiri. Masewera athu onse timawajambula n'kuwaika pa webusaiti ya Hudl, ndipo mnyamata aliyense amadula zake. Ndimawauza kuti mphindi zitatu kapena zinayi zakwana, zabwino kwambiri zikhale koyambirira, ndipo adzizungulize ndi kamzere mpira usanayambe kuti woonera asavutike kumufunafuna. Nyimbo achotse. Kochi wa ku koleji amaona makanema ambirimbiri pa tsiku, ndipo masekondi 30 oyamba akapanda kumukoka, amatseka. Akakopeka amapempha masewera athunthu, makamaka amene tinagonja, chifukwa amafuna kuona zimene mwanayo amachita pamene mpira sukubwera kwa iye ndiponso timu ikutsalira ndi zigoli zambiri.

Chovuta ndi tepi yoyezera. Mnyamata wa mafiti 5 ndi mainchesi 10 amafuna ndimulembe mafiti 6. Bambo ake amabwera ndi foni, akuti anamuyeza okha pa mayadi 40 ndipo anathamanga masekondi 4.4. Ndikamuyeza ine ndimapeza 4.7, ndipo makina a ku kampu adzapeza zoposa pamenepo, chifukwa chala cha munthu chimachedwa kudina poyamba n'kufulumira pomaliza. Ine ndimalemba zimene ndapeza, mwana atavula nsapato, msana uli kukhoma. Ena amakwiya, amati sindiwafunira zabwino ana awo. Koma kochi wa ku koleji amabwera ndi tepi yake, ndipo akapeza kuti ndinawonjezera mainchesi awiri, chaka chamawa sadzayankha foni yanga. Wogulitsa chimanga amene wathira mchenga pansi pa thumba amagulitsa kamodzi kokha. Sukulu ngati IMG Academy ya ku Bradenton ku Florida, komwe ana amalipira ndalama zankhaninkhani, makochi amapitako okha popanda wowaitana. Ife a sukulu ya boma ya m'tauni yaing'ono tilibe zimenezo. Chimene chimabweretsa kochi kuno, kutali ndi msewu waukulu, ndi chakuti ndikanena kuti mwana uyu angathe, amapezadi kuti angathe. Mawu amenewo si anga ndekha. Ndi a ana amene panopa ali giredi 7, amene sindinawaonepo.

Choonadi chomwecho ndiyenera kuchinena kwa makolo, ndipo apa m'pamene ntchito imawawa. Anyamata oposa 1 miliyoni amasewera mpira umenewu m'masekondale a ku America. Mwa 100 aliwonse, amene amakasewera ku koleji ya NCAA sakwana 8, ndipo a Division I ndi atatu okha kapena kuyandikira apo. Ligi ya akatswiri ya NFL imasankha osewera pafupifupi 260 pa chaka. Manambala amenewa aliyense amawavomereza, koma amaona kuti akunena za mwana wa mnzake.

Tsiku lina kunabwera agogo ena amene akulera mdzukulu wawo okha. Mnyamatayo anali wolimba mtima, wogwetsa anzake mopanda mantha, koma wamfupi. Anakhala pansi n'kuika chikwama pamiyendo.

"Akochi, anthu akuti mwanayu apita ku koleji yaikulu ya ku Austin. Ndi zoona?"

"Agogo, ku Austin ayi. Kumeneko pa malo amene iye amasewera amatenga ana otalika kumuposa ndi mainchesi anayi, olemera kumuposa kutali. Koma ku koleji apita, mukandilola tiyende limodzi."

Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa funso limene makolo ochepa amafunsa: "Nanga tidzalipira zingati?"

Funso lenileni ndi limenelo. Mawu akuti sikolashipu amasocheretsa anthu, chifukwa amaganiza kuti zonse n'zaulere. Yolipira zonse imapezeka makamaka m'matimu akuluakulu a Division I. Mu Division II timu yonse imagawana ndalama zokwana masikolashipu 36, pamene osewera amafika 100 kapena kuposa, ndiye wina amapatsidwa theka, wina kachigawo kochepa kongogulira mabuku. Mu NAIA, bungwe lina la makoleji ang'onoang'ono, amagawana 24. Division III sipereka ndalama za masewera ngakhale senti imodzi, koma makoleji ake amapereka ndalama za malikisi abwino ndi za umphawi, ndipo ndaonapo mwana wa B wambiri akulipira zochepa kumeneko kuposa mnzake amene akudzitama ndi sikolashipu ya mpira. Ndiye pamakhala fomu ya FAFSA, yopemphera thandizo la boma. Banja losauka likhoza kulandira Pell Grant yofika madola 7,395 pa chaka, ndalama zosabweza. Fomuyo imafuna za misonkho ya makolo, ndipo makolo ena amaiopa, ena sadziwa Chingelezi bwino, ena amagwira ntchito usiku. Timatsegula chipinda cha makompyuta madzulo, n'kuwathandiza mmodzimmodzi. Madzulo amenewo amatumiza ana ambiri ku koleji kuposa masewera alionse amene ndinapambanapo.

Mwana akamanyoza koleji yaing'ono ndimamutchulira mayina a akatswiri a NFL. Darrell Green ndi John Randle anasewera ku Texas A&I, yomwe lero ndi Texas A&M–Kingsville, ndipo onse awiri ali mu Hall of Fame. Jerry Rice anachokera ku Mississippi Valley State. Aaron Rodgers anayambira ku Butte College, Josh Allen ku Reedley College, makoleji a zaka ziwiri a ku California, chifukwa akuluakulu sanawafune pamene ankamaliza sekondale. Cam Newton anadzera ku Blinn kuno ku Texas mu 2009. Koma mayinawa ndimawatchula mosamala, chifukwa mwana akhoza kumva kuti nayenso ndi Josh Allen wobisika. Chimene ndikufuna amve ndi chakuti ku Angelo State, ku Hardin-Simmons, ku Prairie View A&M, ku Kilgore kapena ku Navarro kuli mpira weniweni ndi makalasi enieni. Makoleji a zaka ziwiri ndi amenenso amapulumutsa uja wa ma C okhaokha, akakalimbikira kumeneko.

Zaka zaposachedwapa zinthu zatembenuka, ndipo sizinatembenukire ife. Mu 2018 NCAA inatsegula chimene amachitcha transfer portal, kaundula wa osewera amene akufuna kusamuka koleji. Mu 2021 inalola kuti wosamuka azisewera nthawi yomweyo osadikira chaka. Tsopano kochi amene ntchito yake ili pa moto amadzifunsa: nditenge mwana wa zaka 18 amene ndimuphunzitse zaka ziwiri, kapena mwamuna wa zaka 21 amene wasewera kale ku koleji ina? Yankho mukulidziwa. Ana apamwamba kwambiri sanakhudzidwe, iwo alinso ndi ndalama za dzina lawo zimene zinaloledwa mu 2021 momwemo. Amene aphinjika ndi apakatikati, amene kale akanapeza malo mu timu yaing'ono ya Division I. Mu 2025 woweruza Claudia Wilken anavomereza mgwirizano wa mlandu wa NCAA wotchedwa House, ndipo makoleji amene alowamo saloledwa kupitirira osewera 105, zomwe zachepetsa malo a ana amene ankalowa timu popanda sikolashipu n'kudzikweza okha. Malangizo anga asintha. Ndimati pita kumene akukufuna ndiponso kumene ukasewere, ukachita bwino akuluakulu akakupeza komweko. Sindikondwera nawo malangizo amenewa, chifukwa akusandutsa makoleji ang'onoang'ono kukhala malo ongodutsirapo, ndipo mwana wosamukasamuka amataya maphunziro amene koleji yatsopano siiwalandira. Koma ndi mmene msika ulili.

Pamene pali mantha, akuba sasowa. Pali makampani amene amalipiritsa makolo madola ambiri kuti atumize dzina la mwana kwa makochi, ntchito imene mwanayo angaichite yekha ndi imelo. Pali makampu a mu June amene amaitana aliyense ndi kalata yokoma, chonsecho akufuna ndalama yolowera. Ndisanalole banja kuwononga mafuta ndi ndalama ya hotela, ndimaimbira kochi wa kumeneko n'kufunsa ngati mwanayu akumudziwadi ndi dzina. Ndipo mwana akabwera akusekerera kuti amulonjeza malo, ndimamutuma akafunse funso limodzi: "Ndikavomera lero, mundilandira?" Malonjezo ambiri amasungunuka pa funso limeneli. Akapitirira pamenepo, afunsenso chimene chidzachitike bondo likathyoka, komanso ngati ndalamazo n'za chaka chimodzi kapena zonse zinayi.

Kusaina kumachitika mu December, kuyambira 2017, kapena Lachitatu loyamba la February monga kale. Timayala nsalu pa tebulo mu holo, timaika zipewa za makoleji, ndipo wa Division III ndimamukhazika pa tebulo lomwelo ndi wa Division I. Anthu amajambula zithunzi n'kumwazikana, poganiza kuti zatha. Sizinathe. Mwana amene wasaina amayamba ulesi, amaona ngati kalasi ya masamu ilibenso ntchito, ndiye kuyambira February mpaka May ndimakhala ndikuyenda m'makonde kufunsa aphunzitsi anzanga ngati wapereka ntchito yake. Akamaliza, chikalata chomaliza chiyenera kutumizidwa ku NCAA Eligibility Center, apo ayi sangavale yunifomu. Pali ndalama yosungitsira chipinda chogona, imene sikolashipu nthawi zambiri siilipira. Pali lamulo la Texas loti wophunzira watsopano wosakwana zaka 22 abayitse katemera wa matenda oumitsa khosi asanalowe m'kalasi, ndipo abaye masiku 10 sukulu isanatsegulidwe. Mu July, anzanga ali kutchuthi, ine ndimakhala pa foni kufunsa kuti wabayitsa ndani, pepala lake lili kuti, ndiponso ndani ali ndi galimoto yoti ikamutule mnyamatayo ku Kingsville ndi katundu wake.