Ku Torrevieja nkhalamba za Angelezi zikuwotha dzuwa uku zikuwerenga masiku

Inu a mumsika wa Limbe ndi anzanu a ku Lilongwe, amene mukangoona mzungu wa imvi atavala kabudula mumati ndalama yabwera yokha, mtengo n'kuukweza kawiri, takhalani pansi ndikuuzeni zomwe ndakaona ku Spain.

Ine ntchito yanga ndi yosamala nkhalamba mumzinda wa Leeds ku England, ntchito yomwe Amalawi ambiri tikudyera kuno ngakhale kumudzi ena timanama kuti tili mu ofesi. Mu Novembala 2025 ana a agogo ena omwe ndimawayang'anira anandipempha kuti ndiwaperekeze bambo awowo ku Torrevieja, tauni ya m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean m'chigawo cha Alicante. Kumeneko agogowa ali ndi kanyumba ka zipinda ziwiri komwe anagula ndi malemu akazi awo. Miyendo yayamba kukana, ndiye amafuna akatsanzike asanakagulitse. Tikiti ndi chakudya analipira anawo. Ine ndinangovutika ndi viza ya mayuro 90, poti pasipoti yathu ija siyitsekula chitseko cha ku Ulaya popanda kugogoda.

Pandege ndi ulendo wa maola atatu osakwana. Kuchoka pabwalo la ndege la Alicante mumalowera kummwera, ndipo musanafike mumayamba kuona milu ya mchere yoyera mbee ngati ufa woyanika pamphasa. Kuseri kwa tauniyi kuli nyanja ya mchere yomwe madzi ake ndi ofiirira ngati asakaniza ndi sobo. Mchere umenewu wina amautumiza kumaiko ozizira kuti azikathira m'misewu kukagwa chisanu. Angelezi akuthawa chisanu kubwera kuno, mchere ukuchoka kuno kukalimbana ndi chisanu chomwecho.

Kulowa m'madera momwe amakhala, ungayiwale kuti uli ku Spain. Zikwangwani m'Chingelezi, mabala ogulitsa mazira ndi soseji tsiku lonse, nyuzipepala zaulere za Chingelezi pakhomo la sitolo iliyonse. Ndinatola imodzi. Zotsatsa malonda zake zambiri zinali za zinthu zitatu basi: mano oyikirira, akatswiri a za msonkho, ndi makampani olipiriratu maliro.

Lachisanu kumakhala msika waukulu. Malalanje, nsapato, zikwama, nsomba zouma, zonse pamabenchi, ndipo nkhalamba za Angelezi zimayenda ndi tingolo tawo kufunsa mitengo benchi ndi benchi. Ndinaona mayi wina akubweza tomato kamba ka masenti 20. Madzulo m'mbali mwa nyanja anyamata a ku Senegal amayala zikwama ndi magalasi pansalu yomwe amamanga zingwe m'makona onse anayi. Apolisi akangotulukira, kukoka chingwe kamodzi, katundu yense ali kumsana, liwiro. Inu mavenda a mu Victoria Avenue, luso limeneli musamayese ndi lanu lokha.

Nkhani yeniyeni ndinakayimva pabala pomwe agogo amakumana ndi anzawo akale. Patebulo pamenepo panali magulu awiri, ndipo inu muwamvetsa msanga: wogulitsa wokhala ndi benchi ndi tikiti ya khonsolo, ndi wogulitsa wapamsewu wodalira maso.

Kale Britain ili mu European Union, Mngelezi amangonyamula chikwama n'kukakhala ku Spain. Lamulo limati ukakhalitsa ulembetse, koma ambiri samalembetsa poopa kuti a msonkho awadziwa. Kenaka kunabwera voti ya pa 23 Juni 2016, Angelezi n'kusankha kutuluka. Chitseko chinatsekedwa pa 31 Disembala 2020. Amene anali okhazikika movomerezeka tsikuli lisanafike anasunga ufulu wawo, ndipo ambiri anatenga khadi yotchedwa TIE. Otsalawo anasanduka alendo wamba: masiku 90 okha pa masiku 180 aliwonse, kenaka uzipita.

Agogo anga ali m'gulu lachiwirili. Nyumba ndi yawo, makiyi ali m'thumba, koma pafiriji pali kalendala yodzadza ndi timitanda ta bolopeni. Ndinawafunsa kuti, "Agogo, nanga osangolembetsa pano bwanji?" Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. Mngelezi wofuna kudzakhala ku Spain lero osagwira ntchito ayenera kuonetsa kuti ali ndi mayuro 28,800 pachaka. Penshoni yonse ya boma la Britain, pamtengo wa Epulo 2025, inali mapaundi 230.25 pasabata. Pachaka sakwana mapaundi 12,000, ndipo ukawasintha sakufika ndi theka lomwe la ndalama ikufunikayo. Msonkho omwe amauthawa uja sanaupulumukenso kwenikweni, chifukwa ku Spain mlendo mwini nyumba amalipira msonkho wa khonsolo komanso wina wa boma, ngakhale nyumbayo ikhale yotseka chaka chonse popanda wa lendi.

A khadi nawonso samagona tulo tabwino. Panali bambo wina wamtali, yemwe anali wapolisi ku England, amene amayenda ndi chikwama cha mapepala ngati loya. Iye ndiye anandiphunzitsa. Ukakhala mu Spain masiku opitirira 183 pachaka, a msonkho a kumeneko, omwe aliyense amangowatchula kuti Hacienda motsitsa mawu, amafuna gawo lawo pa ndalama zako zonse, zochokera kulikonse padziko. Maiko awiriwa ali ndi pangano loti munthu asadulidwe kawiri, koma panganolo limagawa munthu pakati ngati nkhuku ya pa chinkhoswe. Penshoni yake ya upolisi imadulidwa msonkho ku Britain chifukwa inali ntchito ya boma. Penshoni ya ukalamba imadulidwa ku Spain. Chaka cha msonkho ku Britain chimayamba pa 6 Epulo, ku Spain chimayamba pa 1 Januwale. Munthu wa zaka 78 azisunga makalendala awiri m'mutu.

Ndiye palinso fomu yomwe akaitchula patebulo pamakhala zii, Modelo 720. Inabwera ndi lamulo la 2012. Ngati uli ndi ndalama kubanki, masheya kapena nyumba kunja kwa Spain zopitirira mayuro 50,000, uyenera kuulula. Zindapusa za ochedwa zinali zoopsa moti khoti la European Union linagamula mu Januwale 2022 kuti zanyanya. Anazitsitsa, koma fomuyo ikadalipo. N'chifukwa chake aliyense ali ndi wake wotchedwa gestor, munthu wodziwa makomo a maofesi, ngati ma ejenti a pachipata cha Mwanza kapena Songwe aja amene mumawalipira kuti katundu atuluke. Ambiri mwa Angeleziwa akhala zaka makumi awiri koma Chisipanishi chomwe amadziwa n'choitanira mowa basi.

Za kusintha ndalama sindichedwapo, inu ndinu aphunzitsi. Penshoni imabwera m'mapaundi, buledi amagula m'mayuro. Kumayambiriro kwa 2007 paundi imodzi imagula pafupifupi mayuro 1.50. Pofika Disembala 2008 zinatsala pang'ono kufanana. Mu 2015 inakweranso kupitirira 1.40, voti ija itachitika n'kugwanso. Pomwe ndinali kumeneko siimafika 1.20. Ndalama yothandizira kutenthetsa nyumba m'nyengo yozizira boma lawo linasiya kupereka kwa okhala ku Spain mu 2015, ati kumeneko n'kotentha. Masana n'zoona. Usiku wa Novembala m'nyumba ya matailosi ine ndinagona ndi juzi.

Chomwe chinandigwira mtima ndi chipatala. Wa khadi amene akulandira penshoni ya boma amakhala ndi pepala lotchedwa S1, ndipo Britain ndiyo imalipira chithandizo chake. Zipatala n'zabwino, onse amavomereza. Koma mwambo wa ku Spain ndi ngati wathu: wodwala akagonekedwa, wachibale amakhala pambali usiku wonse, kumudyetsa, kumutembenuza. Kwathu timati gadiyani. Nanga nkhalamba yoti ana ake ali ku Manchester gadiyani wake akhala ndani? Amasinthana okhaokha, wa ndodo kudikirira wa pa njinga ya olumala. Maliro nawonso sachedwa, tsiku limodzi kapena awiri munthu wayikidwa, abale asanapeze n'komwe ndege. Apa m'pomwe ndinamvetsa zotsatsa malonda za m'nyuzi zija. Ndipo nthawi ndi nthawi kumabwera kalata yochokera ku Britain yofuna umboni woti ukadali moyo. Ukachedwa kuyankha, penshoni imayima.

Nditamva zonsezi, kamwa langa losagwira linayamba. Ndinati, "Abambo, mukuvutikiranji? Tiyeni kwathu ku Malawi. Ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay dzuwa n'laulere, chambo n'chapompo, Chingelezi tikumva, ndipo gadiyani simungamusowe."

Wapolisi uja anandiyang'ana, n'kutsekula chikwama chake. Anati mwana wanga, penshoni ya boma la Britain imakwera chaka chilichonse mu Epulo, motsata kukwera kwa mitengo ya zinthu, kukwera kwa malipiro kapena 2.5 peresenti, chomwe chakula pa zitatuzi. Koma kukwerako kumatsata munthu kumaiko ena okha: a mu European Union, United States, Jamaica, Philippines, Mauritius ndi ena ochepa omwe ali ndi pangano. Ukapita ku Australia, Canada, South Africa, Zambia, Zimbabwe kapena kwanuko ku Malawi, penshoni imauma pomwe inali tsiku lomwe unasamuka, mpaka kumanda.

Ndinayesa akucheza. Koma masamu ake ndi awa. Mu Epulo 2000 penshoni yakale yathunthu inali mapaundi 67.50 pasabata. Amene anapuma chaka chimenecho n'kukakhala ku Salima akulandirabe 67.50 yomweyo. Mnzake amene anabwera kuno ku Torrevieja, pofika Epulo 2025 amalandira 176.45. Ntchito anagwira yofanana, kudulidwa anadulidwa mofanana. Wokhala tsidya la America la mathithi a Niagara yake ikukwera, wa tsidya la Canada yake yauma. Ukabwera ku Britain kudzacheza amakupatsa ya mtengo watsopano kwa masabata omwe ulipo, ukangokwera ndege ibwerera pakale. Anthu opitirira 400,000 ali m'khola limeneli. Mayi Annette Carson, omwe amakhala ku South Africa, anatengera nkhaniyi kukhoti, anagonja ku House of Lords mu 2005, n'kugonjanso kukhoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya mu 2010.

Ndinakhala duu, mowa n'kuyamba kuwawa. Lamulo limeneli silifunsa khungu kapena pasipoti, limafunsa komwe ukugona. Ine ndadulidwa National Insurance zaka 12 tsopano. Zaka 10 ndiye poyambira kulandira kangachepe, 35 ndiye yathunthu. Maloto anga onse, ndi a anzanga ambiri omwe timasambitsa nkhalamba ku Leeds, ndi oti tsiku lina tidzatera pa Chileka, tidzakhale pakhonde tizidikira paundi. Palibe anandiuzapo kuti paundi imeneyo idzasiya kukula tsiku lomwelo.

Wina anena kuti kwacha imagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye paundi youma idzakhalabe yonona. Mwina. Koma inu amene mumakapikula katundu mukudziwa kuti kwacha ikagwa m'mawa, shuga, mafuta ndi feteleza zimakhala zitakwera dzuwa lisanalowe, ndipo mankhwala a munthu wokalamba amachokera kunja.

Tsiku lomaliza agogo anapempha kuti ndiwakankhe panjinga yawo kukafika kudoko. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana sitima ikupakira mchere. Pobwerera anachotsa kalendala ija pafiriji, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiyika m'thumba la jekete. Makiyi tinakasiya kwa wogulitsa nyumba, yemwe anawakumbutsa kuti mlendo akagulitsa nyumba ku Spain, wogulayo amayamba wapatula 3 peresenti ya mtengo kupereka ku Hacienda. Agogo anangogwedeza mutu.

Tili pabwalo la ndege, foni yanga inalira. Anali mmisiri yemwe akundimangira nyumba ku Chileka, ati malata aperewera asanu ndi atatu ndipo mtengo wasintha. Ndinamuuza kuti adikire kaye, ndimuyimbira ndikafika ku Leeds.