Kuweta Agalu a Mtundu ku Balaka: Kusankha Mbewu ndi Matenda Akumtundu

Agalu a mtundu, amene anthu ambiri amangowatchula kuti agalu achizungu, amawetedwa pa Balaka, pa Liwonde ndi m'malo a malonda monga Ulongwe ndi Phalula, makamaka pofuna kugulitsa kwa eni magolosale, zigayo ndi nyumba za mpanda amene akufuna chitetezo usiku. Mitundu imene ogula amaifunsa kawirikawiri ndi German Shepherd, Boerboel ndi Rottweiler, ndipo mwa apo ndi apo Rhodesian Ridgeback. Za kusesa m'khola, madzi akumwa ndi kuphika mgaiwa wosakaniza ndi bonya kapena soya palibe chofotokoza. Katemera nayenso ndi wodziwika: kagalu kamabayidwa pa masabata 6, 9 ndi 12, ndipo wa chiwewe amabwera kakakwanitsa miyezi 3. Luso la mmisiri wa ntchitoyi limaonekera pa chinthu chimodzi, kusankha mphongo ndi thazi zoti zikwerane.

Vuto lake linayambira kutali. Mtundu uliwonse unachokera kwa agalu owerengeka. German Shepherd anakhazikitsidwa ku Germany mu 1899 ndi Max von Stephanitz, ndipo galu woyamba kulembedwa m'kaundula, Horand von Grafrath, ndiye kholo la pafupifupi onse amene alipo lero. Malamulo a maonekedwe a Ridgeback analembedwa ku Bulawayo mu 1922. Pofuna kuti makutu, ubweya ndi msinkhu zisasinthe, oweta ankakweretsa agalu apachibale, ndipo matenda obisika m'magazi ankapitirira limodzi ndi kukongolako. Ku Britain, filimu ya BBC ya mu 2008 itaonetsa kuvutika kwa agalu a pachionetsero, bungwe la Kennel Club linasiya kulembetsa ana obadwa kwa tate ndi mwana wake, mayi ndi mwana wake, kapena kwa agalu awiri obadwa mimba imodzi, kuyambira mu 2009. Kuno mbewu ndi yochepa koposa. Mphongo imodzi yabwino ikafika kuchokera ku South Africa imakwera mathazi a tauni yonse, pakapita zaka ziwiri imakweranso ana ake, mwiniwake akungowerenga ndalama zokweretsera.

Nthenda imene imavutitsa kwambiri agalu akuluakulu ndi ya chiuno, imene madokotala a ziweto amati hip dysplasia. Fupa la ntchafu lili ndi mutu wobulungira umene umayenera kukhala bwino m'chibowo cha fupa la chiuno. Chibowocho chikakhala chosazama, mutuwo umagwedera, mafupa amapekesana, ndipo m'kupita kwa miyezi molumikizanamo mumatupa. Kagalu kamabadwa kooneka bwinobwino. Ndicho chifukwa chake wogula sangazindikire. Zizindikiro zimadza pambuyo: galu amavutika kudzuka m'mawa, amakana kukwera pakhonde, pothamanga amaponya miyendo yakumbuyo pamodzi ngati kalulu, ntchafu zimaonda pamene mapewa akunka nakula. Njira yotsimikizika yoyezera ndi X-ray, imene ku Britain amajambula galu akakwanitsa miyezi 12, ku America miyezi 24. Woweta wa ku Balaka wofuna kutero ayenera kunyamula galu wolemera makilogalamu 40 kapena kuposerapo kupita naye ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo si minibasi iliyonse ingamulole. Kadyetsedwe kamawonjezera vutoli. Kagalu konenepetsedwa msanga kuti kakope ogula, koleredwa pa simenti yoterera, chiuno chake chimawonongeka mofulumira.

Oweta akale analibe makina, koma anali ndi njira zawo, ndipo amene anaphunzira kwa iwo amazikumbukirabe. Mkulu wina wa cha ku Utale, amene anakalambira pa ntchitoyi, sankalola wophunzira kugwira kagalu asanathe nyengo yathunthu akusesa m'makola ndi kuchotsa nkhupakupa. Anali ndi kope lakale lokutidwa ndi pepala la simenti, momwe analembamo galu aliyense, mayi wake, tate wake, kumene anagulitsidwa, ndi chimene chinamupha. Asanavomere mphongo yachilendo, ankasesa bwalo la mchenga mbandakucha, n'kuuza mnyamata kuti ayende nayo pang'onopang'ono, iye atagwada akuyang'ana mapazi. Zikhadabo zakumbuyo zikasiya mizere pamchenga, nkhani inkathera pomwepo, ngakhale mwini galuyo atachokera kutali. Tiana ta Ridgeback ankatigwira tangobadwa kumene, kutsina khungu la pakhosi ndi pamsana kufunafuna kamtsempha kolimba kamene kamalowa mkati, nthenda yobadwa nayo yotchedwa dermoid sinus. Boerboel ankamuyang'ana zikope, chifukwa chikope chopindikira mkati chimakanda diso mpaka kulichititsa khungu. Sankakweretsa thazi pa nyengo yake yoyamba, ndiponso ankalipumitsa likabereka. Ophunzira ake ankamuona ngati wovuta, makamaka akabweza munthu amene wabwera ndi ndalama m'manja, chifukwa chongomva kuti pakhomo pake galu adzakhala pa tcheni padzuwa.

Dzuwalo si lamasewera. Balaka ndi dera lotentha ndi louma, ndipo mu Okutobala ndi Novembala galu wa ubweya wambiri kapena wa mphuno yaifupi akhoza kufa ndi kutentha masana amodzi okha. Galu satuluka thukuta thupi lonse. Amadziziziritsa popuma wefuwefu, choncho khola la malata lopanda mthunzi limamupha. Nkhupakupa zimafalitsa matenda otha magazi, ndipo German Shepherd amadwala kwambiri mtundu wina wotchedwa ehrlichiosis, umene unapha agalu ambiri a asilikali a America pa nkhondo ya ku Vietnam. Parvo, nthenda yotsegula m'mimba mwamagazi imene inafala padziko mu 1978, imakantha kwambiri tiana ta Rottweiler. Agalu a chifuwa chakuya amathanso kupotokola chifu akathamanga atangodya kwambiri, ndipo popanda opaleshoni amafa pa maola ochepa. Galu wa lokolo, amene anthu amamunyoza, matenda akumtundu samuvuta kwenikweni, popeza palibe amene anamusankhira mkazi poyang'ana makutu.

Amene akuononga mbiri ya ntchitoyi ndi ogulitsa a m'mbali mwa msewu, oimika tiagalu m'mwamba kuti oyendetsa galimoto aone. Kagalu ka masabata 4 kochotsedwa kubere, kopanda khadi la katemera, kakuda pamsana pang'ono, amati ndi German Shepherd weniweni. Mtengo wake ndi wotsika chifukwa palibe chimene analowetsapo. Ndiye wogula amabwera kwa woweta wosamala n'kumati, "Bwana, uko ndapeza wotchipa, inu mwadulitsa bwanji?" osawerengera katemera katatu, mankhwala a njoka za m'mimba masabata awiri aliwonse, dibi, ndi chakudya cha thazi loyamwitsa ana 8. Ena amatenga kagalu pangongole, kuiwala katemera wotsala, kakafa n'kubwera kudzafuna kena kaulere. Enanso amafuna galu wamkulu mutu ndi wolusa basi, ndipo ndi iwowa amene amalimbikitsa kukweretsa achibale.

Imfa ya galu wotere imapweteka banja kuposa momwe anthu amavomerezera pagulu, poopa kusekedwa kuti akulira galu. German Shepherd wathanzi amakhala zaka 9 mpaka 13, koma wobadwa ndi chiuno choipa akhoza kuyamba kukwawa ali ndi zaka 3 kapena 4, ana a pakhomo atamuzolowera kale. Mankhwala ochepetsa ululu ndi kuchepetsa thupi zimathandiza kwa kanthawi. Akafika polephera kuimirira, chifundo ndi kuitana dokotala wa ziweto kuti amugoneke ndi jakisoni, osati kumutaya kutchire kapena kumupatsa poizoni. Woweta woona amafunsa chimene chapha galu aliyense wochokera m'khola mwake, ndipo ana awiri a makolo amodzi akadwala mofanana, makolowo sawakweretsanso.

Wofuna kugula apite kukhola, aone mayi wa kagaluko akuyenda, afunse za tate wake ndi chibale chawo, alandire khadi la katemera losainidwa, ndipo asatenge kagalu kosakwana masabata 8.