Mphunzitsi Mlendo ku Scotland

Mphunzitsi wina wa ku Malawi anapita kukaphunzitsa ku Edinburgh, likulu la Scotland. Mwezi wa Disembala, pamene kwawo anthu apalira chimanga, kumeneko kuli chisanu choopsa, ndipo dzuwa lilowa 4 koloko isanakwane. Iye anapukwa ndithu, pakuti masiku onse anali kudya yekha.

Tsono unafika usiku wa Hogmanay, pa 31 Disembala. Pa mwambo wawo, mlendo woyamba kulowa m'nyumba chaka chitangoyamba anyamula malasha, ndipo akakhala wa tsitsi lakuda, amuyesa wobweretsa mwayi. Chotero makolo a ophunzira ake anamlimbirana, namdyetsa. Kuyambira pamenepo sanasowenso abwenzi.

Ananu, mlendo akafika m'mudzi mwanu, musamleke adye yekha.