Pa Njinga Kutsikira ku Meponda

Tinanyamuka ku Lichinga mbandakucha, chisanu chikuluma zala. Mzinda umenewu, umene kale unkatchedwa Vila Cabral, uli pamalo okwera mamita oposa 1,300. Mudzi wa Meponda uli m'mphepete mwa nyanja ya Niassa, makilomita pafupifupi 60 kumadzulo. Njira yake ili ndi zitsetso zoopsa, ndipo wa njinga yofooka mabuleki asayerekeze dala.

Titafika masana, tinatsamiritsa njinga pamwala ndi kusamba m'maso. Madzi anali mbee, mafunde akuomba matanthwe, asodzi akuyanika usipa pathandala. Kumpoto m'gombe lomweli kuli Metangula ndi Messumba, kumene amishoni a UMCA ankafika pa sitima ya Chauncy Maples, imene inayandama panyanjayi mu 1901.

Tsono m'mawa mwake, pobwerera, zitsetso zija zinasanduka zitunda. Miyendo inakana, ndipo tinatsika n'kumakankha. Pamenepo anatipitirira bambo ena, dengu la usipa lili kumbuyo, thukuta lili kamukamu. Ife tinapita kukaona malo. Iwo ankafunafuna chakudya cha ana awo.

Abale ndi alongo, mukakumana ndi bambo otere pamsika, musawanenerere mtengo mopitirira. Kumbukirani zitunda za ku Meponda.